Seva ya Linux Ikamagwa Netiweki Ikachuluka Ntchito

Wowerenga wina wanditumizira imelo yodandaula kuti seva yake ya Linux imagwa pafupifupi usiku uliwonse makompyuta ena akayamba kutumiza mafayilo a backup, ndipo ikayakanso mu /var/log simupezeka chilichonse chofotokoza chimene chachitika. Akuti wawonjezera memori komanso wasintha manambala angapo a sysctl, osinthira kayendedwe ka Linux, amene anawapeza pa intaneti, koma vuto lidakalipo.

Choyamba ndikupempheni kuti mubweze manambala aja mmene analili, chifukwa mukasintha zinthu zambiri musanadziwe matenda, simudzadziwanso chimene chathandiza ndi chimene chawononga. Kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, ikachita panic, kutanthauza kukumana ndi vuto limene singathe kulipirira, imaima pomwepo, ndipo pulogalamu yolemba log siipeza mpata wosunga uthenga womaliza pa disiki. Ntchito yanu yoyamba ndi kugwira uthenga umenewo.

Njira imene ndimaidalira ndi kdump. Mumapatula memori pang'ono poika crashkernel=256M pa mzere woyambitsira kernel, ndipo yoyambayo ikafa, kexec imadzutsa kernel yachiwiri imene imakopera zonse za m'memori n'kuziika mu fayilo ya vmcore pansi pa /var/crash. Chonde muiyese pa nthawi imene anthu sakugwiritsa ntchito seva, polemba echo c > /proc/sysrq-trigger, lamulo limene limagwetsa kernel dala, chifukwa ndi zowawa kudikira usiku wonse kenako n'kupeza kuti kdump sinayake. Mukhozanso kuyatsa netconsole, imene imatumiza mauthenga a kernel ku kompyuta ina kudzera pa UDP, koma muilumikize pa kadi ina ya netiweki, popeza kadi imene ikufayo singathe kunyamula uthenga wa imfa yake.

Vmcore ikapezeka, itseguleni ndi pulogalamu ya crash pamodzi ndi vmlinux yokhala ndi debug symbols ya kernel yomweyo, ndipo mulembe log kuti muone mauthenga a kernel, kenako bt kuti muone zimene inkachita pamene inkafa. Musaope mizere yambirimbiriyo. Yang'anani mayina okha. Ngati pamwamba pakuoneka dzina la draiva, pulogalamu yoyendetsa kadi ya netiweki, monga e1000e kapena ixgbe, kapenanso mzere wakuti NETDEV WATCHDOG: transmit queue 0 timed out, kayikirani kadi ndi draiva wake. Ine ndinavutikapo ndi seva imene inkalemba Detected Hardware Unit Hang backup ikangoyamba, ndipo inakhazikika nditazimitsa TSO, njira imene kadi imadula yokha deta m'mapaketi, ndi lamulo la ethtool -K eth0 tso off, ngakhale kuti purosesa inayamba kugwira ntchito yochulukirapo. Zimitsani chimodzi pa nthawi, TSO kenako GRO, imene imaphatikiza mapaketi obwera, ndipo muidzaze netiweki dala ndi pulogalamu yoyesera netiweki ya iperf3 masana kuti musamadikire usiku. Uthenga wakuti nf_conntrack: table full usakusokonezeni, chifukwa vuto limenelo limataya mapaketi koma siligwetsa kernel.

Onaninso zaka za kernel yanu. Mu June 2019, Jonathan Looney wa ku Netflix anaulula vuto lotchedwa SACK Panic, lolembedwa CVE-2019-11477, limene linkalola munthu wakutali kugwetsa kernel iliyonse kuyambira 2.6.29 potumiza mapaketi a TCP okonzedwa dala ndi MSS, yomwe ndi malire a deta ya m'paketi imodzi, yaing'ono ya mabaiti 48. Ngati yanu sinakonzedwe chiyambire nthawi imeneyo, ikani yatsopano musanachite china.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchiyang'anitsitse. Ngati kdump inagwira bwino poyesa, koma seva ikagwa usiku vmcore palibe, ndiye kuti mwina kernel sinachite panic n'komwe, makinawo anangozima okha. Netiweki ikadzaza, purosesa ndi kadi zimakoka magetsi ambiri ndipo zimatentha, choncho power supply yotopa kapena memori yowonongeka imaonekera pa nthawi yomweyo. Pamenepo lembani ipmitool sel list kuti muone log ya bolodi ya seva, muyerekeze ola limene bolodi inalemba vuto ndi ola limene backup imayamba, ndipo munditumizire mizere imeneyo kuti tiione limodzi.