Mabotolo anayi ochokera ku Joni: amayi amwe botolo liti, asiye liti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a pa Boma pompano ku Mangochi. Ndaifupikitsa, ndipo dzina ndabisa monga anapemphera.

"Achimwene anga amene ali ku Joni atumiza mabotolo anayi kuti amayi athu azimwa, akuti ndi otalikitsa moyo. Pali la ayironi, la magnesium, la vitamini D ndi la mafuta a nsomba. Amayiwo ali ndi zaka 64, amakhala ku Namwera, amamwa metformin wa shuga, ndipo masiku ano akumadandaula kufooka ndi dzanzi kumapazi. Pa Facebook ena akuti mitundu yotchipa ndi yachabe, tizigula yodula imene thupi limalandira bwino. Mtundu wabwino ndi uti? Nanga ine amene ndili pa ma ARV ndingamweko nawo?"

Zikomo achemwali. Ndiyamba ndi funso lanu lomalizalo chifukwa ndi limene silingadikire. Kuyambira 2019 anthu ambiri a pa ma ARV m'dziko muno anasinthidwira ku mapiritsi okhala ndi dolutegravir. Mankhwala amenewa akakumana m'mimba ndi ayironi, calcium, magnesium kapena zinki amagwirana nazo, ndiye ochepa okha ndi amene amalowa m'magazi. Munthu amaona ngati akumwa mokhulupirika pamene kachilombo kakupeza mpata. Lamulo lake ndi lakuti ARV atsogole ndi maola 2, kapena abwere patatha maola 6 mutamwa zinazo. Koma musakonze nokha ndondomekoyi. Tsiku lokatenga mankhwala nyamulani botololo mukawaonetse a ku chipatala, akuuzani nthawi yoyenera. Zomwezi zimachitikanso ndi mankhwala opha tizilombo otchedwa doxycycline ndi ciprofloxacin.

Tsopano za amayi. Chimene chandigwira mtima m'kalata yanu ndi dzanzi lija, osati mabotolo. Munthu amene wamwa metformin zaka zingapo thupi lake likhoza kuyamba kulephera kutenga bwino vitamini B12 m'zakudya, ndipo ukalamba nawo umawonjezera vutolo. B12 akachepa munthu amafooka, mapazi amachita dzanzi kapena kubayabaya, ena amayamba kuiwalaiwala. Komanso shuga weniweniyo akamakwera nthawi yaitali amawononga mitsempha ya kumapazi n'kubweretsa dzanzi lomwelo. Kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito ya dokotala. Pa mabotolo anayi amene mwatchulawo palibe ndi limodzi lomwe la B12. Choncho chinthu choyamba ndi kupita nawo kuchipatala akayezedwe shuga ndi kuchuluka kwa magazi, ndipo muwauze adokotala momveka kuti dzanzilo linayamba liti komanso metformin akhala akumwa kwa nthawi yaitali bwanji. Asasiye metformin paokha.

Akapezeka kuti B12 ndi wochepadi, mudzaona mayina awiri pa mabotolo: cyanocobalamin, wotchipa, ndi methylcobalamin, amene amatamandidwa kwambiri pa intaneti. Wotchipayo amagwira ntchito bwinobwino, ndipo sawonongeka msanga akasungidwa. Ngati mitsempha yakhudzidwa kale, nthawi zambiri adokotala amasankha jakisoni.

Pa ayironi ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri timalakwitsira ndi mtima wabwino. Kwathu kuno munthu akangoti ndafooka, aliyense amati magazi achepa, mugulireni mapiritsi owonjezera magazi. Koma mayi amene anasiya kusamba safuna ayironi wambiri ngati mtsikana kapena mayi woyembekezera, ndipo thupi lilibe njira yotayira ayironi wotsala, limangomusunga m'chiwindi ndi m'ziwalo zina. Ndiponso magazi akachepa pa zaka 64 pamakhala chimene chikuwadya. Kuno kunyanja tili ndi malungo, tili ndi likodzo, tili ndi njoka za m'mimba zoyamwa magazi. Palinso zilonda za m'mimba, impso zofooka chifukwa cha shuga, ngakhale khansa ya m'matumbo imene imatulutsa magazi pang'onopang'ono munthu osaona. Kumwa ayironi osapeza gwerolo kuli ngati kuthira madzi mu ndowa yobooka. Amene ali ndi likodzo akufunika praziquantel poyamba.

Adokotala akalamula kuti amwe, apo ndiye funso la mtundu limamveka. Ferrous sulphate, ferrous fumarate ndi ferrous gluconate onse ndi abwino, amasiyana kuchuluka kwa ayironi weniweni m'kati mwake. Mu fumarate gawo limodzi mwa magawo atatu ndi ayironi, pamene mu gluconate ndi pafupifupi 12 pa 100 basi. Piritsi lodziwika la ferrous sulphate la 200 mg limakhala ndi ayironi 65 mg. Ndiye musatengeke ndi nambala yaikulu ya kutsogolo kwa botolo, tembenuzani muwerenge tizilembo tating'ono ta kumbuyo pamene palembedwa elemental iron. Mitundu yodula ngati bisglycinate ubwino wake ndi woti ena siiwapatsa nseru kapena kudzimbidwa kwambiri. Ngati wotchipayo sakuvutitsa m'mimba palibe chifukwa cholipirira zambiri. Chimbudzi chikada musaope, ndi mmene ayironi amachitira. Chimene chimasintha zinthu kwambiri kuposa mtundu ndi chomwera. Tiyi amatsekereza ayironi, ndiye piritsi lisamwedwe ndi tiyi wa m'mawa uja. Pasiyane ola limodzi kapena awiri. Vitamini C amathandiza, ndipo ife tili naye pakhomo: malambe, magwafa, mandimu, mango nyengo yake. Botololi likhale pamwamba pamene adzukulu sangafikire. Mapiritsi a ayironi ena amaoneka ngati maswiti, ndipo mwana wamng'ono akameza ambiri akhoza kufa.

Ndinene pano chifukwa owerenga ena ndi achitsikana: mapiritsi a ku sikelo aja, ayironi ndi folic acid, musawanyoze chifukwa ndi aulere. Folic acid wamba wa 400 mcg ndi amene anatsimikizika kuti amateteza mwana ku vuto lobadwa ndi msana wotseguka, makamaka mayi akayamba kumwa asanaime.

Magnesium ndidutsapo msanga. Pano a pa Facebook aja akunena zoona pang'ono: magnesium oxide salowa bwino m'thupi ndipo amatsegula m'mimba, citrate ndi glycinate amalowa bwinoko. Koma amene amachotsa magnesium wotsala ndi impso, ndipo munthu wa shuga wa zaka zambiri impso zake zikhoza kukhala zofooka iye osadziwa. Botolo limeneli liyambe ladikira mpaka adokotala anene za impsozo. Mtedza, nyemba, nthanga za maungu, bonongwe ndi nsima ya mgaiwa zili naye kale.

Vitamini D wabwino ndi D3, amakweza mlingo m'magazi kuposa D2, ndipo amalowa bwino akamwedwa ndi chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono, ngati ndiwo zotendera. Khungu limapanga lokha vitamini ameneyu likawombedwa ndi dzuwa, ndipo dzuwa ku Mangochi sitichita kupempha. Amayi ngati amapita kumunda ndi kumsika, mwina sakumusowa. Amene angamusowe ndi okalamba ongokhala m'nyumba, kapena amene amafunda thupi lonse nthawi zonse akatuluka. Onani mlingo: munthu wamkulu amafuna 600 mpaka 800 IU patsiku, ndipo kupitirira 4,000 IU tsiku ndi tsiku popanda dokotala si bwino, chifukwa vitamini ameneyu amaunjikana m'thupi n'kukweza calcium m'magazi.

Za mafuta a nsombazo ndaseka pang'ono, mundikhululukire. Nsomba kuchoka ku Johannesburg, kudutsa ma boda onse aja, kubwera ku Mangochi! Zoona zake n'zakuti nsomba za m'nyanja zamchere zozizira zimakhala ndi mafuta a omega-3 ochuluka kuposa zathu zambiri. Komabe usipa, utaka ndi matemba timadya zonse, mutu, minga ndi chiwindi chomwe, ndiye mbale imodzi imabweretsa calcium, zinki, ayironi ndi B12 pamodzi, zimene kapisozi alibe. Ngati amayi akufuna kumwabe, werengani kumbuyo pamene alemba EPA ndi DHA, mitundu iwiri ya omega-3: kapisozi wolembedwa 1,000 mg nthawi zambiri amakhala ndi 300 mg yokha ya ziwirizi. Boolani mmodzi ndi singano mununkhize. Akamanunkha chivundi ndiye kuti mafutawo awonongeka, ndipo ndi kutentha kwathu kwa mu Okutobala, kuphatikiza masiku amene katundu amakhala padenga la basi, zimenezi sizichedwa. Chinanso, poti ambiri kuno ndi Asilamu: chikopa chofewa cha makapisozi ambiri chimapangidwa ndi gelatin, amene amachokera ku ng'ombe, nsomba kapena nkhumba. Ngati zimenezi n'zofunika pabanja panu, funani chizindikiro cha halaal pa botolopo.

Nanga zotalikitsa moyozo? Apa ndikhumudwitsa achimwene anu. Ku America kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa VITAL, wa anthu pafupifupi 26,000, mmene ena anapatsidwa vitamini D wa 2,000 IU, ena mafuta a nsomba, ena zonse ziwiri ndipo ena mapiritsi opanda mankhwala, tsiku lililonse kwa zaka pafupifupi zisanu. Khansa siinachepe, ndipo matenda akuluakulu a mtima ndi sitiroko powaphatikiza sanachepe. Mu 2024 kunatulukanso zotsatira za anthu pafupifupi 390,000 amene anatsatiridwa zaka zoposa 20: omwa mavitamini osakanizasakaniza tsiku lililonse sanakhale moyo wautali kuposa osamwa. Ndipo nthawi zina zimapweteka. Ku Finland, zotsatira za mu 1994 zinaonetsa kuti abambo osuta fodya amene anapatsidwa mapiritsi a beta-carotene, chinthu chimene thupi limachisandutsa vitamini A, anadwala khansa ya m'mapapo kuposa anzawo amene sanapatsidwe. Mmene ine ndikuonera, piritsi la vitamini limathandiza kwambiri munthu amene akusowadi chinthucho, koma kwa amene ali nacho kale ndi ndalama zotayika, kaya mtunduwo ndi wodula chotani.

Chodabwitsa n'chakuti zimene Amalawi timasowadi si zimene amalonda amalengeza. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 10 aliwonse anali ndi zinki wochepa, pamene vuto la vitamini A linali litatsika kwambiri, mwa zina chifukwa shuga wa m'tiyi ndi mafuta ophikira a m'mashopu zimathiridwa vitamini ameneyu. Ndiye kapisozi wa vitamini A wamphamvu musamwe mwachisawawa, makamaka oyembekezera, chifukwa akachuluka amalumalitsa mwana m'mimba. Zinki yekhayo vuto lake ndi lakuti chimanga chili ndi zinthu zina zimene zimamumanga kuti asalowe m'thupi. Kuviika, kumeretsa chimera ndi kusasitsa monga timachitira ndi thobwa zimachepetsa zinthuzo, ndipo nsomba, nyama ndi mazira zimapereka zinki wolowa mosavuta. Wogula piritsi, gluconate kapena sulphate zonse zili bwino, koma asapitirire 40 mg patsiku kwa nthawi yaitali.

Pogula, pitani ku famase yovomerezeka ndi bungwe la PMRA, limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno. Onani tsiku lothera ntchito, nambala ya gulu lake ndi dzina la kampani yopanga. Pewani za pamphasa zimene zakhala padzuwa tsiku lonse, komanso mabotolo olembedwa kuti amachiza shuga, BP, khansa ndi kusabereka nthawi imodzi. Wogulitsa akangonena kuti siyani mankhwala a kuchipatala, nyamukanipo. Mavitamini otafuna ooneka ngati maswiti aja nawo si a amayi anu, ali ndi shuga ndipo amasungunuka m'kabati.

Mabotolo anayiwo anyamulidwe onse tsiku lopita kuchipatala, adokotala akawerenge okha milingo yake. Achimwenewo akafunsa chotumiza ulendo wina, auzeni kamakina koyezera shuga ndi timapepala take tokwanira, kapena ka BP, ndiponso ndalama ya thiransipoti yochokera ku Namwera kufika pa Boma tsiku la kiliniki. Mudzandilemberenso zotsatira zikatuluka, makamaka za magazi ndi impso, tidzaone ngati pali botolo limene lingatsegulidwe.