Kukonzekera triathlon m'nyengo ya mawawa kuno ku Mzuzu

Mayi wina wa ku Luwinga wandilembera pa imelo. Akufuna kudzachita nawo triathlon yaifupi, ija yosambira mamita 750, kupalasa njinga makilomita 20 ndi kuthamanga makilomita 5, koma chiyambireni Juni mawawa ndi nkhungu zawatsekera m'nyumba. Akufunsa ngati kuli bwino kungodikira dzuwa la Seputembala.

Achemwali, musadikire. Mzuzu ili pamtunda, mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mwera ukayamba kuwomba umakwera ndi chinyezi chomwe chimasanduka mawawa athu aja, nthawi zina mpaka Ogasiti. Mukakhala pansi miyezi yonseyi, mphamvu zomwe munazivutikira zithera pampando. Mawawa paokha sapweteka munthu. Choopsa ndi kukhalitsa ndi zovala zonyowa mukamaliza, komanso kusaoneka pamsewu.

Kuthamanga ndiye kosavuta. Siyani malaya athonje chifukwa amamwa madzi n'kumata pathupi. Pa kaunjika mupeza a poliyesitala omwe amauma msanga. Misewu yafumbi ya m'makomboni imaterera ikanyowa, choncho tsatani phula. Mukafika kunyumba vulani zonyowazo musanayambe china chilichonse, kenako tiyi ndi mbatata. Nsapato muziike nyuzipepala m'kati, osaziyandikiza pa mbaula, guluu amasungunuka.

Pa njinga ndi pomwe ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa apa pali moyo. Msewu wa M1 wopita ku Ekwendeni ndi wokwanira: makilomita pafupifupi 20 kupita, ndipo zitunda zake zimaphunzitsa miyendo. Koma musanyamuke kusanayere. M'nkhungu dalaivala wa minibasi amakuonani atafika kale pamsana panu, ndiye valani malaya owala kwambiri, ikani getsi lofiira kumbuyo, ndipo chipewa choteteza mutu chisatsale ngakhale ulendo uli waufupi. Mbali ya ku Chikangawa ine ndimaipewa nyengo ino. Nkhungu yake ndi yochindikala ndipo malole a matabwa ndi ambiri. Dziwaninso kuti mabuleki ogwira pa limu akanyowa sagwira nthawi yomweyo, amayamba apukuta madzi tayala likazungulira. Finyani msanga, pang'onopang'ono, musanalowe pokhota. Phwetsani matayala pang'ono kuti agwire phula bwino. Pobwera pukutani tcheni ndi kansalu n'kuthira oilo, apo ayi mchenga wonyowa uidya pamodzi ndi magiya, ndipo mitengo ya zipangizozi mukuidziwa.

Kamodzi pa sabata, mukatsika panjinga thamangani nthawi yomweyo mphindi 10 kapena 15. Miyendo imalemera ngati mwaimangirira njerwa, ndipo ndi bwino kuzolowera zimenezi panopa kusiyana ndi kukakumana nazo koyamba tsiku lampikisano.

Tsono kusambira. Nkhata Bay ili pa makilomita pafupifupi 50 kutsika ndi M5, ndipo madzi a m'nyanja nyengo ino ndi ofunda kuposa mphepo ya m'mawa ya kuno. Pitani Loweruka pa minibasi. Kutsika phiri lija panjinga phula litanyowa sindikukulimbikitsani. Vuto la kunyanja ndi mwera womwewo, womwe umautsa mafunde aakulu. Lowani m'mawa nyanja idakali bata, ndipo funsani asodzi, iwo amaiwerenga bwino kuposa ife a kumtunda. Akati lero ayi, ndi ayi. Sambirani motsata gombe, osalunjika pakati, mutavala kachipewa kowala kuti a mabwato akuoneni, ndipo pakhale wina wokuyang'anirani. Pakati pa sabata mangani chubu chakale cha njinga ku zitsulo za pawindo n'kumakoka ngati mukusambira, mapewa asaiwale ntchito.

Popeza muzilowa m'nyanja kawirikawiri, kumbukirani likodzo. Tizilombo take timachokera ku nkhono za m'madzi n'kulowera pakhungu, makamaka pamalo osaya a mabango ndi udzu. Muzikayezetsa kuchipatala, mankhwala ake a praziquantel alipo. Ndipo tsiku lomwe thupi latentha kapena chifuwa chatsikira m'kati, musanyamule njinga. Kayezetseni malungo, mupume, pulogalamu mudzaipitiriza mukachira.