Mwafunsa, Tayankha: Mfuti yanga ya shotgun ndiikepo chiyani?

FUNSO: Ndili ndi chigayo ndi kagolosale kufupi ndi Mchinji boma. Akuba atatithyolera kawiri, ndinapempha chilolezo kupolisi, ndipo pano ndili ndi shotgun yopopa ya Maverick 88, ya 12 bore (umenewu ndi muyeso wa kukula kwa mpope). Kunsonga kwa mpope wake kuli kamkanda kamodzi kokha kolunjikitsira. Mphwanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg akufuna kunditumizira galasi la kadontho kofiira lotchedwa red dot, leza, ndi chogwirira chonga cha pisitolo kuti ndichotse thako lalitali la mfuti lija lotsamiritsa paphewa. Iye akuti mfuti ya machaka sifuna kulunjika kwenikweni, umangoloza kumene kukumveka phokoso. Ndimuuze agule chiyani?
Mwini chigayo, Mchinji

YANKHO: Bambo, mphwanuyo amakukondani, koma mawu ake omalizawo ndi amene andisowetsa mtendere, choncho ndiyambira pomwepo.

Ndaphunzitsa alonda ogwira mfuti kwa zaka zambiri. Usiku wina, nthawi yowotcha fodya, ndinkazungulira pa esiteti ina ndi mlonda wachinyamata amene anali atangomaliza maphunziro. Mwezi kunalibe. Agalu anayamba kuuwa, kenako tinamva phazi m'masamba ouma kuseri kwa chigafa. Mnyamata uja anali ataika kale mfuti paphewa. Ine ndinali ndi tochi m'manja, ndinayatsa. Anali mwana wa zaka ngati khumi ndi ziwiri, wopanda nsapato, atanyamula bakuli yokulunga m'chitenje. Ankaperekera chakudya kwa bambo ake amene ankasonkhezera moto wa fodya usiku umenewo. Anangoima chilili, maso akuphethira m'kuwala, bakuli ili pachifuwa. Mpaka lero ndimaiona mfundo ya chitenje chija. Ambiri amene amayenda pabwalo lanu usiku ndi anthu anu omwe: mwana wopita kuchimbudzi, mnyamata wa kuchigayo amene waiwala foni, mlamu wobwera mochedwa kuchokera kumaliro. Mfuti siilozedwa kumene kuli phokoso. Imalozedwa pa chinthu chimene mwachiona ndi kuchizindikira.

Nchifukwa chake chinthu choyamba chimene mphwanu agule ndi tochi, ndipo akhale matochi awiri. Imodzi ya m'manja, ina yomangirira pa mfuti. Ya m'manja ndiyo yofufuzira, chifukwa tochi ya pa mfuti ili ndi vuto ili: chilichonse chimene mwaunika mwachilozanso ndi mpope. Mukakhala kuti manja onse ali pa mfuti, lozani mpope pansi patsogolo panu, kuwala kobwerera kuchokera pansi kapena pakhoma kumakwanira kuona nkhope ya munthu. Tochi ya pa mfuti ikhale yopangidwira mfuti, monga za Streamlight kapena SureFire, ya malumeni (muyeso wa kuwala) 500 mpaka 1,000, ndipo batani lake lifikike ndi chala cha dzanja lopopera osasiya kugwira. Matochi a mumsika omanga ndi mphira wa njinga ndawaona akuzima pa kuwombera kwachiwiri, chifukwa 12 bore imagunda mwamphamvu ndipo mabatire amadumphadumpha m'kati. Afunsenso za mabatire. Matochi ambiri otere amadya a CR123A, amene ku Mchinji simungawapeze mophweka. Ndi bwino asankhe yolola batire lotchaja la 18650. Pa Maverick 88, chopopera chinalumikizidwa ndi tizitsulo take mwanjira yoti kuchisintha ndi chokhala ndi tochi m'kati, ngati mmene amachitira pa mfuti ya Mossberg 500, si kophweka. Agule kachitsulo komangira tochi pa mpope ndi pa paipi ya zipolopolo. Ndipo musanyoze magetsi a sola a pabwalo. Awiri kapena atatu pa ngodya za chigayo angakuthandizeni kuposa chipangizo chilichonse cha pa mfuti.

Tsopano za machaka. Chipolopolo cha 12 bore cha mamilimita 70 cha mtundu wa SG, chimene Amereka amati 00 buck, nthawi zambiri chimakhala ndi machaka asanu ndi anayi, lililonse la mamilimita pafupifupi 8. Pa mtunda wa mamita asanu, womwe ndi utali wa chipinda chochezera, machaka onsewo amagwera malo osaposa chikhatho. Chikhatho chimaphonyeka. Patali ndi pamene amamwazikana, ndipo pamenepo vuto limakhala lina: machaka amene sanagunde chimene mumafuna amapitirira, amaboola chitseko chathabwa kapena lata, kuseri kwake kukugona anthu. Musandikhulupirire ine kapena mphwanu. Pitani kumalo ololedwa kuwomberako, kumene kumbuyo kuli chulu kapena mulu wa dothi. Imikani makatoni akuluakulu, jambulani kadontho pakati, muwombere kamodzi pa mamita 5, pa 10, pa 15 ndi pa 25, katoni yatsopano nthawi iliyonse. Yang'anani mabowo, muwawerenge. Mudzadziwa ngati mfuti yanu imamenya pamwamba kapena pansi pa kamkanda, komanso mtunda umene machaka amayamba kutuluka kunja kwa katoni. Mtunda umenewo ndiwo malire anu. Mukasintha mtundu wa zipolopolo, yesaninso, pakuti mpope uliwonse uli ndi khalidwe lake.

Kamkanda kamene muli nako ndi kokwanira pa mitunda ya pakhomo. Kalibe batire, sikasokonekera, ndipo tochi ikayaka kamaoneka bwino. Chinsinsi chake ndi tsaya. Popeza kumbuyo kulibe cholunjikitsira china, diso lanu ndilo limagwira ntchito imeneyo, choncho tsaya likhale pamalo amodzimodzi pa thako la mfuti nthawi zonse. Mukadzutsa mutu, machaka amapita m'mwamba. Ngati maso ayamba kutopa, pali mikanda ikuluikulu yovekera pamwamba pa kakang'onoko. Ya fiber optic imawala kwambiri masana koma mumdima imakhala yakufa. Ya tritium imawala yokha usiku, ndipo kuwala kwake kumatsika ndi theka pakatha zaka pafupifupi 12, choncho osagula yakale kwa munthu. Zolunjikitsira za ghost ring, zomwe ndi kamphete kumbuyo ndi kachitsulo kutsogolo, ndi zabwino kwa owombera chipolopolo chimodzi chachikulu cha slug pa mamita 50 kapena kuposa. Inu woteteza chigayo mulibe chifukwa chowombera patali chotero.

Red dot yabwino sindiitsutsa. Kampani ya Aimpoint ya ku Sweden inayamba kupanga magalasi amenewa mu 1975, ndipo asilikali ambiri amawadalira, chifukwa umayang'ana ndi maso onse awiri. Koma pamwamba pa Maverick 88 palibe mabowo omangira galasi. Pangafunike chomangira chapadera kapena katswiri wa mfuti woboola, ndipo ntchito imeneyi si ya wowotcherera wa pamsika. Komanso red dot yopirira kugunda kwa 12 bore imatha kudula kuposa mfuti yanuyo, pamene zotchipa zambiri zinapangidwira mfuti zoseweretsa. Onjezanipo fumbi la kuchigayo limene limamata pa galasi lililonse. Ine ndingati muisiye kaye. Leza nayo isiyeni: imakuonetsani kadontho pachifuwa cha munthu koma sikuuzani kuti munthuyo ndani.

Chogwirira cha pisitolo chokhachokha, chopanda thako, mukane ndithu. Mphamvu yonse ya mfuti imathera pa mfundo yolumikizira dzanja ndi mkono, ndipo amene amayesa kuikweza kumaso kuti alunjike amadzimenya pakamwa. Thako ndilo limakupatsani malo atatu ogwirira: phewa, tsaya ndi manja.

Zina ziwiri zazing'ono. Lamba wamba womangirira malo awiri ndi wofunika, chifukwa mukafuna kutsekula geti kapena kuimbira apolisi simuyenera kutsamiritsa mfuti pakhoma. Chonyamulira zipolopolo cha pambali, cha zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi, chimathandiza popeza mfuti yanu imalowa zochepa, koma chisakhale cholemetsa mbali imodzi. M'dzinja muziyang'ana zipolopolozo. Zikachita dzimbiri kuthako kapena kutupa, zimakakamira m'mpope.

Asanatumize chilichonse, pitani kupolisi kumene munatengera chilolezo mukafunse zimene zikuloledwa kulowa m'dziko ndi kuikidwa pa mfuti yanu, kuti katundu asakagwidwe pachipata cha Mwanza kapena Dedza. Mpope musaudule ngakhale wina atakuuzani kuti imanyamulika bwino. Ndalama imene ikanapita ku red dot mugulire bokosi lachitsulo lokhoma, lomangirira kukhoma, kiyi wake ana asadziwe pomwe amakhala, ndipo yotsalayo ipite ku zipolopolo zophunzirira. Mfuti yopopa imafuna dzanja lozolowera: wamantha amapopa mosafikitsa, mfuti n'kukakamira. Kumbukiraninso kuti chilolezo cha mfuti si chilolezo chowombera wakuba aliyense. Khoti lidzafunsa ngati moyo wanu kapena wa wina unali pachiswe. Munthu amene akuthawa ndi thumba la chimanga sakuopseza moyo wanu.

FUNSO: Ndine mayi, ndimagwira ntchito yaulonda pa kampani ina ku Blantyre. Amatipatsa shotgun ya Mossberg 500. Ndine wamfupi, ndipo ndikaika paphewa dzanja lamanzere limavutika kufika pa chopopera. Tikapita kokawombera ndimabwerako phewa litatupa. Mnzanga akuti tingodula thako ndi sowo. Ndichite bwanji?
Mlonda, Blantyre

YANKHO: Mayi, vuto si thupi lanu. Mfuti zambiri zotere zimachoka kufakitale ndi mtunda wa masentimita pafupifupi 36 kuchokera pa kachitsulo kowombera kufika kumapeto kwa thako. Muyeso umenewu unapangidwira mlenje wamtali woima chammbali. Ambiri mwa alonda amene ndawaphunzitsa, amuna omwe, amawombera bwino ndi thako la masentimita 32 kapena 33. Thako likatalika, mutu umabwerera m'mbuyo, msana umapindikira kumbuyo, mfuti imakhala pa fupa la mkono m'malo mwa mnofu wa pakati pa phewa ndi chifuwa. Kutupako kukuchokera pamenepo.

Sowo ayi. Mfutiyo ndi ya kampani, inalembedwa m'dzina lawo, ndipo kuisintha popanda chilolezo kungakuchotsetseni ntchito. Komanso thako lapulasitiki ndi lamphako m'kati, mukalidula mphira wa kumapeto umasowa pogwira. Lembani kalata kwa oyang'anira zida, mupemphe kuti mfuti imodzi kapena ziwiri aziike thako lalifupi. Mossberg amapanga lalifupi lotchedwa Bantam, ndipo kusintha kwake ndi bawuti imodzi yaitali ya m'kati. Muwauze kuti wamtali amatha kuwombera ndi thako lalifupi popanda vuto, pamene wamfupi sangathe ndi lalitali, choncho mfutiyo idzathandiza onse a pa shifiti. Ngati angakupatseni thako lokhala ndi chogwirira cha pisitolo pansi pake, liyeseni kaye: pa Mossberg 500 kabatani kotsekera kuti mfuti isawombe kali pamwamba, ndipo ndi chogwirira chotere chala chachikulu sichifikapo osamasula dzanja.

Podikira yankho lawo, sinthani kaimidwe. Yang'anani kutsogolo ndi chifuwa chonse, phazi lamanzere patsogolo pang'ono, mawondo opinda, mphuno ikhale pamwamba pa zala za phazi lakutsogolo. Kokerani thako paphewa ndi dzanja lamanja, lamanzere likukankhira chopopera kutsogolo pang'ono, ngati mukufuna kutambasula mfutiyo. Funsaninso ngati pophunzira angakupatseni zipolopolo za machaka ang'onoang'ono a mbalame, za magalamu 24 kapena 28, kuti phewa lizolowere musanabwerere ku SG.