Valavu ya mtima imene anaika kale ikatopa, kodi angaike ina osang'ambanso chifuwa?

Mayi wina wa kuno ku Mangochi wandilembera imelo yofunsa za bambo ake a zaka 69, amene anawaika valavu ya aortic, kachitseko kamene magazi amadutsapo potuluka mu mtima kupita m'thupi lonse, ku India mu 2012. Masiku ano bambowo akubanika akangoyenda pang'ono, miyendo ikutupa, ndipo dokotala amene anawaunika ndi makina a echo wanena kuti valavuyo yatopa. Mayiwo akufuna kudziwa ngati n'zoona kuti angaike valavu ina popanda kung'ambanso chifuwa.

Mayi, njirayo ilipodi, ndipo madokotala amaitchula kuti valve-in-valve TAVI. Dokotala amaboola mtsempha waukulu wa m'mphechepeche n'kulowetsa kapaipi kamene kanyamula valavu yatsopano yopindidwa, ndipo amakakankha mpaka kafike pamtima, pamene valavuyo imatambasulidwa m'kati mwa yakale. Yakaleyo siichotsedwa, koma imatsala pomwepo kuti igwire yatsopanoyo, ndipo odwala ambiri amatuluka m'chipatala patangopita masiku ochepa. Dokotala wa ku France, Alain Cribier, ndiye anayamba kuika valavu kudzera mu mtsempha mu 2002 mumzinda wa Rouen, ndipo mu 2015 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, linavomereza kuti njirayi izigwiritsidwanso ntchito pa valavu imene inaikidwa kale koma yatopa. Zipatala zazikulu za mtima ku South Africa ndi ku India zimaichita.

Komabe musanayambe kuganiza za ndalama ndi ulendo, dziwani kaye mtundu wa valavu imene bambo ali nayo. Ngati ndi yachitsulo, ija imene imamveka kugunda ngati wotchi ndipo mwiniwake amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, moyo wake wonse, njirayi siingatheke ngakhale pang'ono. Imatheka pa valavu yopangidwa ndi minofu ya ng'ombe kapena ya nkhumba, imene nthawi zambiri imagwira ntchito zaka 10 mpaka 15 isanayambe kuuma chifukwa cha kashiamu kapena kung'ambika n'kumabwezera magazi m'mbuyo.

Kukula kwa valavu yakale ndi nkhani imene mabanja ambiri saiganizira, chonsecho ndi imene imalamula zambiri. Poto amene mwamulowetsa m'kati mwa poto mnzake amakhala wocheperapo, ndipo ndi mmene zililinso pano. Ngati valavu yakale ndi ya mamilimita 21 kapena kucheperapo, mpata wodutsa magazi ukhoza kutsala wothina, moti mtima umapitirizabe kugwira ntchito movutikira ndipo kubanika sikutheratu. Pa mitundu ina ya mavalavu madokotala amathyola dala mkombero wa yakaleyo ndi baluni yamphamvu kuti mpata ukule, koma pa mitundu ina zimenezi sizitheka. Palinso ngozi ina, yosachitika kawirikawiri koma yoopsa kwambiri: timakutu ta valavu yakale tikakankhidwira m'mbali tikhoza kutseka pakhomo pa mitsempha imene imadyetsa mtima weniweniwo. N'chifukwa chake dokotala wodziwa ntchitoyi sangavomere kuichita asanaone zithunzi za CT scan.

Chifukwa chimene valavu yalepherera chiyeneranso kudziwika bwino. Ife a m'mbali mwa nyanja, thupi likangotentha timathamangira kuganiza za malungo, koma munthu amene ali ndi valavu yoikidwa akamatentha thupi kwa masabata angapo ndi kutuluka thukuta usiku, pamene magazi sakusonyeza malungo, ayenera kuyezedwa ngati mabakiteriya sanakhazikike pa valavuyo. Matendawa amatchedwa endocarditis, ndipo akakhalapo sangaike valavu ina pamwamba pake; pamafunika mankhwala a jakisoni kwa masabata angapo, ndipo nthawi zina opaleshoni yochotseratu valavuyo. Chimodzimodzinso ngati magazi akudontha kunja kwa mkombero, m'misoko, valavu yoikidwa m'kati nthawi zambiri siithetsa vutolo.

M'kuona kwanga, njirayi ndi yabwino kwa munthu wokalamba kapena wofooka amene opaleshoni yachiwiri ingamuike pachiswe. Kwa munthu wocheperako zaka ndiponso wamphamvu, makamaka amene matenda a rheumatic, oyamba ndi zilonda za pakhosi, anamuwonongeranso valavu ina ya mtima yotchedwa mitral monga zimachitikira ndi Amalawi ambiri, kung'ambanso chifuwa kukhoza kukhala kwabwino koposa, chifukwa dokotala amachotsa yakale, amaika ya saizi yoyenera, ndipo amakonza zonse pa nthawi imodzi. Bambo anu a zaka 69 ali pakati, kotero thanzi la impso, mapapo ndi mitsempha yawo ndi limene lidzathandize madokotala kusankha.

Fufuzani mapepala amene anawapatsa potuluka m'chipatala ku India, makamaka kakhadi kolembedwa dzina la valavu ndi saizi yake. Mupite nawo ku chipatala cha boma cha Mangochi pamodzi ndi zotsatira za echo, ndipo mupemphe kalata yokaonana ndi dokotala wa mtima ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Koma bambo akakomoka, akamva kupweteka pachifuwa, kapena akamabanika ngakhale atangogona, musadikire tsiku limene anakulemberani, athamangitsireni kuchipatala tsiku lomwelo.