Mayi, adzukulu anu amawerenga, kungoti sakonda zolankhula zazitali

Imelo ya mayi wina yakhala m'foni mwanga milungu iwiri. Ndimaitsegula n'kuitsekanso. Mayiwa ndi mphunzitsi wopuma pantchito, alemba buku la mbiri ya moyo wawo, ndipo mwezi wamawa akufuna kulikhazikitsa. Funso lawo n'lakuti: "Nditani kuti pamwambopo pasadzadzaze anzanga a imvi okhaokha? Adzukulu anga omwe, maso amangokhala pafoni."

Pepani mayi kuti ndachedwa. Funso lanuli landikanda pachilonda.

Buku langa loyamba ndinalikhazikitsa modzikuza kwabasi. Ndinabwereka holo yaikulu, ndinandandalika mipando, ndinalemba pulogalamu ya olankhula asanu ndi awiri. Mlendo wolemekezeka anafika mochedwa n'kulankhula pafupifupi ola lathunthu. Bukulo anali asanalitsegule n'komwe, ndipo zinkachita kuonekeratu, poti dzina la mwininkhani ankalitchula mokhota nthawi zonse. Achinyamata amene mng'ono wanga anawakoka anakhala kumbuyo, kenako anayamba kutuluka mmodzimmodzi, foni kukhutu, ngati wina wawaimbira. Pofika nthawi yoti ine ndiwerenge, otsala anali achibale, amene manyazi anawamangirira pamipando. Ndinabwerera kunyumba ndi makatoni a mabuku komanso mkwiyo. Aliyense wondifunsa ndinkamuyankha chimodzimodzi: ana a masiku ano sawerenga.

Anandilavulitsa mawu amenewa ndi azakhali anga. Patatha miyezi ingapo ndinapita kukawaona, ndipo moni asanathe anandifunsa chifukwa chimene ndinaphera munthu wina wa m'mutu wachisanu ndi chinayi. Ndinadabwa, chifukwa maso awo ndinkawadziwa. Iwo anati, "Iwe, tizilembo tako tonga nyerere tija angatione ndani? Amandiwerengera ndi uyu." Uyu wake anali mdzukulu wawo, mtsikana wa zaka 15. Madzulo aliwonse mutu umodzi. Akamaliza ankakangana: agogo akuti mkazi wa m'nkhanimo anachita bwino kupirira m'banja, mtsikana akuti ayi, anali wopusa, akanangonyamuka. Anakanganiranso pamaso panga pomwepo, ine mwini buku osapatsidwa mpata.

Mtsikana ameneyo ndi mmodzi wa amene anatuluka m'holo muja. Ndinamufunsa. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Amalume, munkangoyamikirana."

Ndiye ndinene mosapsatira: zoti achinyamata sawerenga ndi nyimbo imene olembafe timaimba pobisa ulesi wathu. Amawerenga kuyambira m'mawa mpaka usiku, kungoti pagalasi la foni. Chimene amakana ndi kukhazikidwa maola atatu kumvera anthu akutamandana. Nanga amakonda zimenezo ndani? Akuluakulunso amangopirira chifukwa cha ulemu, ena n'kumawodzera mwaulemu momwemo. Cha m'ma 2020 achinyamata pa TikTok anayamba kujambula timavidiyo tofotokoza mabuku amene awaliza kapena kuwakwiyitsa, pansi pa dzina loti BookTok. Mabuku ena amene anatuluka zaka zambiri m'mbuyomo anayambanso kugulidwa ngati atsopano, mpaka masitolo a mabuku m'mayiko ambiri anapatula mashelefu n'kulembapo dzina limenelo. Anawo sanaitanidwe ndi wolemba aliyense. Ankauzana okhaokha.

Komatu sindikuti mukatsegule TikTok, mayi. Ine ndinayesapo. Ndinajambula kavidiyo ndikulankhula chinenero chawo cha pafoni chija, ndipo mwana wa mchemwali wanga anandipempha mofatsa kuti ndikafufute anzake asanakaone. Wamkulu akamadzisandutsa mwana, ana ndi amene amayamba kuchita naye manyazi. Nkhani yanu ndi ya kale, ndipo ukale wakewo ndiye mphamvu yake. Musaithire madzi.

Mundilole ndipatuke pang'ono pa nkhani ya zilembo ija, chifukwa imandiwawabe. Timadandaula za achinyamata, koma okalamba timawatsekera kunja osazindikira. Munthu akadutsa zaka 40, kagalasi ka m'kati mwa diso kamayamba kuuma, ndipo zapafupi siziwonekanso bwino. N'chifukwa chake mumaona anthu akutalikitsa nyuzipepala mpaka mkono kutha. Mabuku wamba amakhala ndi zilembo za saizi 10 mpaka 12. Ondisindikizira anandiuza kuti tichepetse kuti masamba asachuluke, ine n'kuvomera chifukwa cha thumba. Ku England, Frederick Thorpe anayambitsa kampani ya Ulverscroft mu 1964 n'cholinga chosindikiza mabuku a zilembo zikuluzikulu, kuti okalamba asasiye kuwerenga. Mabuku otere amayambira cha pa saizi 16. Ndipo kale m'zaka za m'ma 1930, ku America ndi ku Britain, mabuku anayamba kujambulidwa pa mbale za galamafoni kuti osaona azimvera. Lero zimenezo mungazichite nokha mutakhala pakhonde: kuwerenga mutu umodzi, kujambula ndi foni, kutumiza pa WhatsApp. Ngati buku lanu lasindikizidwa kale ndi tizilembo ting'onoting'ono, musataye mtima. Azakhali anga anapeza owawerengera, ndipo mwina kukanakhala kuti maso awo anali akuthwa, mtsikana uja sakanaligwira n'komwe.

Chinanso. Mukamati mibadwo, mukuganiza za anzanu ndi adzukulu basi. Apakati mwawaiwala. Inu munali mphunzitsi. Ana amene munawaphunzitsa lero ndi abambo ndi amayi, ali ndi ana awo, ndipo ambiri ali m'magulu a pa WhatsApp ndi Facebook a omwe anaphunzira limodzi. Mukapeza mmodzi, mwapeza kalasi yonse. Amenewa ndi amene angabwere dzanja lina atagwira mayi awo, lina mwana wawo. Olemba enafe tilibe mwayi wotere, ndipo ndikukuchitirani kaduka.

Nanga mwambo weniweniwo?

Ola limodzi, masana, pamalo osavuta kufika komanso opanda masitepe ambiri. Chipinda chaching'ono chodzaza chimaposa holo yaikulu yopanda anthu. Olankhula asapitirire awiri, ndipo akhale oti bukulo aliwerengadi. Inu muwerenge masamba awiri kapena atatu okha, mulekezere pamene nkhani yafika pokoma. Ndime ina awerenge mdzukulu wanu, makamaka pamene mukusimba muli msinkhu wake. Kenako akufunseni mafunso ake, amene simunawaonepo. Anzake adzabwera kudzaonera iyeyo, osati inu, ndipo palibe vuto. Posayina mabuku muzifunsa kuti, "Kunyumba muwerenga ndi ndani?" n'kulemba mayina onse awiri. Ngati mudzafune kubwereza mwambowu kusukulu kapena kulaibulale, 23 Epulo ndi tsiku la mabuku padziko lonse, limene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inakhazikitsa mu 1995.

Za mafunso osaoneratuzo ndikudziwa kuti mtima wagunda. Inenso unagunda pa buku langa lachiwiri, pamene ndinapereka maikolofoni kwa mtsikana uja, apo n'kuti atakula. Ndinkayembekeza kuti afunsa za kalembedwe kapena kumene ndimatenga nkhani. Iye anafunsa ngati mkazi wopirira wa m'buku loyamba uja anali mayi anga. M'chipindamo munangoti zii. Abambo ena achikulire anatsokomola. Ndinayankha kuti inde, mbali ina. Zinali zisanatulukepo pakamwa panga. Pambuyo pake amayi awiri, wina ndi mwana wake wamkazi, anandidikirira pakhomo, aliyense akufuna kundiuza za mayi ake.

Azakhali anamwalira buku lachiwirilo lisanatuluke. Loyamba lija lili ndi mtsikanayo, chikuto chinathothoka kalekale, ndipo m'mphepete mwa masamba muli timizere ta pensulo tosonyeza pamene ankalekezera agogo akagona. Pano ali pabanja, ali ndi mwana mmodzi. Ndinamufunsa posachedwapa ngati anasintha maganizo pa za mkazi uja. Akuti ayi, anali wopusabe, kungoti tsopano amamumvetsa.