Chinamutsegula pakamwa Buscetta n'chiyani?

Achimwene, mwafunsa ngati Tommaso Buscetta, mmodzi wa zigawenga za Mafia ya ku Sicily ku Italy, anaulula zinsinsi za gululi chifukwa cholapa kapena pofuna kupulumutsa khosi lake. Ine ndikuona kuti chachikulu chinali mkwiyo.

Pa nkhondo ya magulu a Mafia yomwe inabuka mu 1981, gulu la m'tauni ya Corleone lotsogoleredwa ndi Salvatore Riina linapha anzake a Buscetta. Litamusowa iyeyo, linatembenukira kwa abale ake. Ana ake aamuna awiri anasowa mu 1982 osapezekanso, kenako anamuphera mkamwini ndi mchimwene wake. Munthu wotere mungamuopsezenso ndi chiyani?

Atamangidwa ku Brazil mu 1983 n'kutumizidwa ku Italy mu 1984, anayamba kuyankhula ndi Giovanni Falcone, woweruza wofufuza milandu. Sanangotchula mayina ayi. Anafotokoza kuti Cosa Nostra, dzina lomwe a Mafia amadzitchula okha, ndi bungwe limodzi, lokhala ndi lumbiro lolowera, magawo ake komanso komiti ya akuluakulu yovomereza kuphedwa kwa anthu otchuka. Apa ndiye panali phindu, poti tsopano mabwana akanatha kuzengedwa milandu ya kupha ngakhale sanagwire mfuti. Umboni wake unathandiza pa mlandu waukulu wa mumzinda wa Palermo ku Sicily, womwe unayamba mu 1986 ndi oimbidwa milandu 475, ndipo oposa 300 anapezeka olakwa mu 1987.

Koma musamuyese woyera mtima. Iye ankati a ku Corleone ndiwo anaipitsa Mafia, ngati kuti kale inali yabwino. Za ubale wa Mafia ndi andale anakana kuzikhudza mpaka Falcone ataphedwa ndi bomba mu 1992. Buscetta anamwalira ndi khansa mu 2000 ku America, komwe ankakhala mobisala.