Kodi liwu loti "link" linachokera kuti?

Mwandilembera kuti liwu la Chingerezi loti "link" lakusokonezani. Pa WhatsApp anthu amati "tumizani link", wokonza njinga akuti tcheni chanu chatha ma link, ndipo m'chikalata chakale cha malo mwapeza miyeso yolembedwa kuti "links". Mukufunsa ngati onsewa ndi liwu limodzi. Eya, ndi limodzi.

Tanthauzo lake loyamba ndi mphete imodzi ya unyolo. Linayamba kuoneka m'zolemba za Chingerezi cha m'ma 1400, kuchokera ku chinenero chakale cha anthu a ku Scandinavia, omwe anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England kuyambira m'ma 800. Abale ake alipobe: ku Sweden amati "länk", ndipo "Gelenk" m'Chijeremani ndi mfundo ya thupi monga bondo kapena chigongono. Ndiye likusiyana ndi "connect" ndi "join", omwe gwero lawo ndi Chilatini. Awiriwa amanena za ntchito yolumikiza, pomwe "link" kwenikweni ndi kanthu kogwirika kamene kali pakati pa zinthu ziwirizo.

Za chikalata chanucho ndiye zofunika kusamala. Mu 1620 katswiri wa masamu wa ku England, Edmund Gunter, anakonza tcheni chopimira malo chotalika mapazi 66, omwe ndi mamita 20.1. Chinali ndi ma link 100, iliyonse mainchesi 7.92, kapena kuti masentimita 20.1. Nambalazi zikuoneka zokhota koma anazisankha dala. Matcheni 80 ndi mailosi imodzi, ndipo munda wa matcheni 10 m'litali ndi tcheni chimodzi m'lifupi ndi ekala imodzi ndendende. Choncho mukachulukitsa litali ndi lifupi m'ma link, n'kugawa ndi 100,000, mwapeza maekala. Munda wa ma link 500 kwa 200 ndi ekala imodzi, yomwe ndi pafupifupi mahekitala 0.4. Ekala yomwe alimi timaitchula tsiku ndi tsikuyi imayenda pamodzi ndi tcheni chimenechi.

Pali misampha iwiri. Mainjiniya anali ndi tcheni chawo cha mapazi 100, momwe link imodzi ndi phazi lathunthu, ndiye onetsetsani kaye kuti chikalatacho chikunena tcheni chiti, apo ayi muwerengera malo olakwika kwambiri. Wachiwiri ndi wakuti tcheni chikaperepeseka m'mfundo chimatalika, ndipo tcheni chotalika chimaonetsa mtunda wocheperapo kusiyana ndi weniweni.

Kuperepeseka komweku ndi kumene wokonza njinga akunena. Pa tcheni cha njinga, kuchoka pa pini imodzi kufika pa inzake ndi theka la inchi, mamilimita 12.7. Ikani rula pakati pa pini imodzi ndipo muwerenge mipata 24. Pa tcheni chatsopano, pini yomalizayo imagwera pa mainchesi 12 enieni. Ikapitirira ndi gawo limodzi mwa magawo 16 a inchi, gulani china. Ikapitirira kawiri kuposa apo, mano a fuliwilo nawonso adyeka, ndipo tcheni chatsopano chizingodumpha. Kuchotsako link kuti chikungike sikuchiritsa kanthu, chifukwa chitsulo sichinatamuke ayi, koma mapini ndiwo adyeka ndi mchenga wosakanikirana ndi oyilo.

La pa intaneti ndi mdzukulu chabe. Ted Nelson anafalitsa liwu loti "hypertext", kutanthauza zolemba za pa kompyuta zolumikizana ndi ma link, mu 1965, ndipo Tim Berners-Lee, akugwira ntchito ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi Geneva ku Switzerland, analemba maganizo ake a webu mu 1989. Link ya pa tsamba ili ndi mbali ziwiri: mawu amene mukuwaona ndi adiresi yobisika kumene ikukupititsani. Ziwirizi sizikakamizidwa kufanana, ndipo akuba amadyerapo pomwepa. Pa foni, dinikizani link kwa kanthawi osaichotsa chala kuti adiresi yeniyeni ioneke musanaitsegule. Tsamba likachotsedwa kapena kusamutsidwa, mumalandira uthenga wa 404.

Koma pali lina lomwe si la banja limeneli. Mabwalo a gofu a m'mbali mwa nyanja, monga la ku St Andrews ku Scotland, amatchedwa "links", koma ilo linachokera ku liwu la Chingerezi chakale loti "hlinc", kutanthauza mtumbira kapena malo okwera. Limanena za milu ya mchenga ya m'gombe, osati zakuti maenje a gofuwo ndi olumikizana monga ena amaganizira.